Mphunzitsi, Mwana ndi Buku kwa Mphuka Kuyambira Masiku a Mishoni

Kwa Mphuka, m'boma la Luangwa limene akuluakulu amalitchulabe kuti Feira, zolembalemba zinafika kale kwambiri kuposa m'madera ambiri a Zambia. Apwitikizi anakhazikika ku Zumbo, kutsidya kwa mtsinje wa Luangwa, m'zaka za m'ma 1700, ndipo minyanga ya njovu, nsalu ndi akapolo zinkawerengedwa n'kulembedwa m'mabuku a amalonda. Koma mabukuwo anali a eni katundu. Mwana wa Mchikunda kapena wa Mnsenga ankakula, kukalamba mpaka kumwalira osadziwa zimene zinali m'menemo. Kuwerenga kunalowa m'midzi pamene kunabwera munthu amene ntchito yake inali kukhala pansi ndi ana tsiku ndi tsiku. Kuchokera nthawi imeneyo malamulo a sukulu asintha kangapo, chilankhulo chophunzitsira chatembenuzidwa uku ndi uku, koma mbiri yonseyi ikuonetsa chinthu chimodzi: mwana amakonda kuwerenga pokhapokha mphunzitsi wake atamuthandiza kumva zimene akuwerengazo, ndipo nthawi iliyonse imene mphunzitsi analandidwa chilankhulo, mabuku kapena nthawi, kuwerenga kunasanduka kungobwereza mawu pakamwa.

Sukulu inabwera ndi ansembe a Chijezwiti. Iwo anali ndi mishoni ku Miruro, mbali ya Mozambique, ndipo n'komweko kumene bambo Julius Torrend, katswiri wa zilankhulo za kuno, ananyamukira kukayambitsa mishoni ya Kasisi mu 1905. Ufumu wa ku Portugal utagwa mu 1910, boma latsopano linathamangitsa Ajezwiti, iwo n'kuwoloka Luangwa kudzakhazikika ku Kapoche ndi ku Katondwe, kenako anzawo a ku Poland anadzapitiriza ntchitoyo. Wansembe sakanatha kufika mudzi uliwonse, motero sukulu ya kumudzi inali m'manja mwa mphunzitsi wachikuda amene analinso katekisiti. Zipangizo zake zinali zochepa: mthunzi wa mtengo kapena kanyumba ka udzu, masileti owerengeka, ndi mchenga umene ana ankalembapo ndi chala n'kufufuta ndi chikhatho. Tisakometse nthawi imeneyo mopitirira. Zambiri zinali zoloweza pamtima, chikoti sichinkakhala patali, atsikana anali ochepa, ndipo ana ambiri ankasiyira panjira. Komabe mphunzitsi uja anali ndi mwayi umene ena obwera pambuyo pake anadzausowa. Ankalankhula monga alankhulira ana, moti mwana akalumikiza "nso" ndi "mba" ankamva dzina la chinthu chimene wadya dzulo. Kuwonjezera apo, kuwerenga kunali ndi ntchito yooneka ndi maso. Feira inali njira ya amuna opita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia, ndipo kalata ikabwera kuchokera ku Salisbury, mwana wodziwa kuwerenga ndiye ankaitanidwa, akulu n'kukhala chete kumumvera. Ulemu woterewu unkakoka ana kusukulu kuposa belu.

Boma la atsamunda linalowererapo mochedwa. Bungwe la Phelps-Stokes litayendera dziko mu 1924, chaka chotsatira G. C. Latham anaikidwa kukhala mkulu woyamba wa maphunziro a anthu akuda, ndipo mu 1927 akuluakulu a maphunziro anagwirizana kuti ana ayambe sukulu m'zilankhulo zinayi: Chibemba, Chinyanja, Chitonga ndi Chilozi. Ana a ku Feira anagwera ku Chinyanja. Sukulu ya Jeanes, imene inayambira ku Mazabuka n'kusamukira ku Chalimbana mu 1939, inkaphunzitsa aphunzitsi oyendera anzawo m'midzi kukawalangiza kaphunzitsidwe. Chofunika kwambiri pa nthawi imeneyi n'chakuti kunayamba kupezeka zowerenga zimene sizinali katekisimu. Buku la Nthondo la Samuel Nthara linatuluka mu 1933, nyuzipepala ya Mutende inayamba mu 1936 ili ndi masamba a Chinyanja, ndipo mu 1948 kunakhazikitsidwa ofesi yosindikiza mabuku ya Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Nthara anali mphunzitsi ku Nkhoma, ku Nyasaland, ndipo zimenezi sizinangochitika mwangozi. Aphunzitsi a m'badwo umenewo ndiwo anali owerenga, olemba ndi atsogoleri. Kenneth Kaunda, Harry Nkumbula ndi Simon Kapwepwe onse anagwirapo choko. Mwana ankaona munthu wolemekezeka kwambiri m'mudzi atanyamula buku, iye n'kufunanso kulinyamula.

Kusintha kwakukulu kunabwera ndi ufulu. Mu 1964 dziko linali ndi anthu pafupifupi 100 okha amene anamaliza yunivesite, ndipo atsogoleri ankaopa kuti zilankhulo zingagawe mtundu. Choncho lamulo la maphunziro la 1966, John Mwanakatwe ali nduna, linaika Chingerezi kukhala chophunzitsira kuyambira giredi 1. Zolinga zake zinali zabwino, ndipo sukulu zinamangidwa zambiri m'zaka zimenezo. Koma taganizirani mwana wa zaka 7 wa m'mudzi wa m'mbali mwa Zambezi, amene sanamvepo Chingerezi kwa wina aliyense, akuuzidwa kuti aphunzire zinthu ziwiri nthawi imodzi: mmene zilembo zimapangira mawu, ndi tanthauzo la mawu a chilankhulo chachilendo. Mphunzitsi ankatsatira buku lomuuza chonena pa mphindi iliyonse, iye akanena kalasi yonse n'kuyankha pamodzi mokweza. Wodutsa panja ankaganiza kuti ana akuphunzira zedi. Ukapatula mwana mmodzi n'kumulozera liwu pakati pa tsamba, ankangoyang'ana pansi. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975 mabuku anayamba kusowa, malipiro a aphunzitsi anatha mphamvu, ndipo kuno nkhondo ya ku Rhodesia inafika mpaka ku Kavalamanja mu 1978. Chikalata chokonzanso maphunziro cha 1977 chinavomereza kuti mwana amaphunzira bwino m'chilankhulo chake, koma chinasiya Chingerezi pamalo pomwepo.

Zotsatira zake zinadzayezedwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, wofufuza Eddie Williams anayerekeza ana a ku Malawi, amene ankayamba sukulu m'Chichewa, ndi a ku Zambia, amene ankayamba m'Chingerezi. Anapeza kuti pa Chingerezi ana a maiko awiriwa sankasiyana kwenikweni, koma pa chilankhulo chawo a ku Malawi ankawerenga bwino kwambiri pamene a ku Zambia ankalephera Chinyanja. Ndiye kuti zaka zinayi zoyambirira za Chingerezi sizinapindulitse mwana wa ku Zambia kanthu, zinangomulanda chimene akanakhala nacho. Kafukufuku wa SACMEQ wa 1995 anapeza kuti mwa ana a giredi 6 a ku Zambia, pafupifupi mmodzi yekha mwa anayi ndiye ankafika pa mlingo wotsikitsitsa wovomerezeka wa kuwerenga.

N'chifukwa chake ndondomeko ya Educating Our Future ya 1996 inabwezera chilankhulo cha mwana m'kalasi, ndipo kuyambira 1999 kunayamba Primary Reading Programme. Njira yake ya giredi 1, New Breakthrough to Literacy, inayesedwa koyamba ku Kasama, ndipo ndi yoyenera kuiyang'anitsitsa chifukwa inadalira luso la mphunzitsi. Ana ankagawidwa m'magulu anayi. Gulu limodzi linkakhala pansi pakona ndi mphunzitsi, akuyang'ana chithunzi cha pakhomo kapena cha pamsika. Mwana akanena kuti amayi akuphika, mphunzitsi ankamuthandiza kusankha timakadi ta mawu n'kutindandalika mpaka chiganizo chake chomwe chiime pamaso pake, iye n'kuchiwerenga, n'kuchikopera m'kope. Magulu ena ankalemba kapena kutenga timabuku pa kashelefu ka m'kalasi. Mwana ankazindikira kuti cholembedwa ndi mawu a munthu, ndipo munthuyo angakhale iye mwini. Thandizo la boma la Britain, limene ndondomekoyi inkadalira, litatha mu 2005, timakadi tinatayika, timabuku tinang'ambika popanda tina tolowa m'malo, ndipo maphunziro aulere a 2002 anali atadzaza kale makalasi moti kona ija inalibenso malo. Mu 2014 kunabwera njira ina yoyambira pa kamvekedwe ka zilembo, Chinyanja chikuphunzitsira mpaka giredi 4 m'chigawo cha Lusaka, mmene muli boma la Luangwa. Mu 2022 sukulu inakhala yaulere mpaka giredi 12 ndipo boma linalemba ntchito aphunzitsi 30,496. Ndondomeko ya 2023, imene inayamba kugwira ntchito mu 2025, inabwezeranso Chingerezi kutsogolo, zilankhulo zathu n'kutsala zofotokozera pamene mwana sakumva. Mphunzitsi amene anayamba ntchito cha m'ma 1995 wauzidwa kangapo konse kuti aiwale zimene anaphunzitsidwa.

Ena anganene kuti kuika zonse pa mphunzitsi n'kusadziwa Luangwa. Dziko lake ndi lotentha, mvula ndi yosadalirika, njovu zimadya m'minda ndi kutseka njira moti ana amadikira kuti kuche bwino asananyamuke, ndipo nyengo ya masau kapena ya nsomba mwana amafunika pakhomo. Zonsezi n'zoona, ndipo mwana wa njala sangamve phunziro ngakhale mphunzitsi atakhala waluso chotani. Koma mavuto amenewa sachotsa mphunzitsi pakati pa nkhani, amangokulitsa udindo wake. Mwana wa ku Kabulonga mumzinda wa Lusaka akapeza mphunzitsi waulesi, kwawo kuli mabuku, makolo owerenga ndi intaneti. Mwana wa kwa Mphuka, kutali kwambiri ndi mlatho wa Luangwa, nthawi zambiri munthu yekhayo amene adzamuone akuwerenga buku mokondwa ndi mphunzitsi wake. Ngati iyeyo sawerenga, mwanayo alibe poonera pena.

Chitsutso china n'champhamvu kuposa ichi. Makolo amafuna Chingerezi chifukwa mayeso a giredi 7, ntchito ndi koleji zonse zili m'Chingerezi, komanso Chinyanja cha m'buku si Chinsenga kapena Chikunda cha pakhomo. Makolowo sakulakwa, ndipo palibe amene akuti mwana asaphunzire Chingerezi. Funso ndi lakuti adzachifika bwanji. Umboni wa Williams ukuonetsa kuti kuyamba ndi chilankhulo chodziwika sikuchedwetsa Chingerezi, pakuti luso lolumikiza zilembo munthu amaliphunzira kamodzi kokha, kenako amapita nalo ku chilankhulo china. Kusiyana kwa Chinyanja ndi Chinsenga kulipo ndithu, koma ndi mtsinje wowoloka ndi miyendo poyerekeza ndi Zambezi wa Chingerezi, ndipo wowolotsa mwana ndi mphunzitsi amene amadziwa mawu a mbali zonse ziwiri, wosamuseka akatchula liwu la kwawo. Apa m'pamene kutumiza aphunzitsi mosaganizira chilankhulo kumapwetekera ana aang'ono.

Pa zaka zonsezi boma lakhala lofulumira kusintha ndondomeko koma lochedwa kusamala munthu woigwiritsa ntchito. A ofesi ya maphunziro ku boma la Luangwa, makomiti a makolo ndi aphunzitsi, ndi a mishoni ya Katondwe angathe kuyamba osadikira ndondomeko ina. Aike aphunzitsi aluso kwambiri, odziwa chilankhulo cha ana, ku giredi 1 ndi 2 m'malo mowasungira makalasi a mayeso. Kalasi iliyonse ikhale ndi bokosi la mabuku a nthano a Chinyanja ndi a Chingerezi chosavuta, ndipo mabukuwo azibwerekedwa kupita nawo kunyumba ngakhale ena abwerere atada, kusiyana n'kuwakhomera m'kabati ya ahedi. Ndipo inu aphunzitsi, patulani mphindi khumi tsiku lililonse zowerengera ana nkhani mokweza, popanda mafunso a mayeso pamapeto pake.