Chitofu cha ku Gdańsk ndi funso la mitundu

June akafika, ife timazungulira mbaula ya malasha. Amalonda olemera a ku Gdańsk, mzinda wa padoko ku Poland, nawonso ankaopa kuzizira, koma mbaula yawo inali ina. Mu holo yawo ya Artus Court, Georg Stelzener anawamangira chitofu kuyambira 1545 mpaka 1546, chotalika kupitirira mamita 10, chokutidwa ndi matailosi 520. Ambiri ali ndi nkhope za mafumu a ku Ulaya, Akatolika ndi Apulotesitanti omwe. Moto umayaka mkati, matailosi n'kumatulutsa kutentha pang'onopang'ono, utsi osalowa m'holo.

Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, matailosi ambiri anachotsedwa n'kukabisidwa kunja kwa mzinda. Mu 1945 holoyo inapsa. Chitofucho chinaimanso mu 1995, patapita zaka 50.

Wokonza chitofu chotere, akafuna kuumba tailosi yolowa m'malo mwa yosowa, amagunda pa funso la mtundu. Zithunzi zakale zambiri n'zakuda ndi zoyera; zimaonetsa nkhope ya mfumu, koma sizinena ngati mkanjo wake unali wobiriwira kapena wachikasu. Diso nalonso limanamiza, chifukwa mwaye, fumbi ndi penti ya okonza akale zimabisa zenizeni. Choncho amatenga kachibenthu kakang'ono, n'kukayang'ana pa maikulosikopu kuti aone zomwe zinapakidwa, china pamwamba pa chinzake.

Apa ndi pomwe ife a dziko la migodi tiyenera kutchera khutu. Mtundu wa kunyezimira kwa tailosi umachokera ku zitsulo. Mkuwa, womwewu wa ku Kopala, umapereka wobiriwira. Kobati amapereka wabuluu, ayironi wachikasu kapena wofiirira, tini woyera. Ndipo mtunduwo suoneka usanapse. Moto ukasowa mpweya, mkuwa uja umafiira m'malo mobiriwira. Wokonza amawotcha timatailosi toyesera tambirimbiri, kutiyerekeza ndi zakale, kutaya, kuyambanso. Ife tikanatopa pa kachitatu.

Amalonda aja analinso anthabwala. M'munsi mwa chitofu muli chithunzi cha Till Eulenspiegel, chitsiru chotchuka cha m'nthano za ku Germany, ataonetsa matako. Amati mlendo ankauzidwa kuti ayeze kukula kwa chitofu potambasula manja, ndipo milomo yake inkakafika pomwepo.