Mlandu Suola, Nanga Dzina la Wolakwa?

Ife ogwira ntchito m'maofesi a boma tinazolowera mafailo olembedwa "chinsinsi" pachikuto. Failo yotere siyenda m'manja mwa aliyense, ndipo woitenga amasaina m'buku. Mwambo umenewu ndiwo unandipatsa chidwi chotsata mbiri ya milandu ya ophunzira a m'sukulu zaukachenjede amene amagwidwa atakopera zolemba za ena n'kumati ndi zawo. Palibe amene amatsutsa kuti wolakwa alangidwe. Pamene anthu akhala akukokana ndi pa dzina lake: lidziwike kwa yani, ndipo lisungidwe mpaka liti?

Mbiri imeneyi imaoneka bwino ku America. Chisanafike chaka cha 1974, sukulu zambiri kumeneko zinkaonetsa mafailo a ana kwa apolisi ndi anthu ena akunja, pamene makolo enieniwo ankakanizidwa kuwaona. M'chaka chimenecho phungu James Buckley wa ku New York anabweretsa lamulo lodziwika kuti FERPA, ndipo Pulezidenti Gerald Ford analisaina mu Ogasiti. Lamuloli linapatsa wophunzira wa kuyunivesite ufulu woona failo yake, ndipo linaletsa sukulu zolandira ndalama za boma kuulula za m'failomo popanda chilolezo, kupatula pa zifukwa zochepa zimene linatchula. Atolankhani anayesa kunena kuti zolemba za milandu sizili m'gulu limeneli. Koma mu 2002, pa mlandu wa Miami University ya ku Ohio, khoti la apilo linagamula kuti nazonso n'zotetezedwa.

Phindu la chitetezochi linaoneka pa University of Virginia. Mu 2001 mphunzitsi wa sayansi, Louis Bloomfield, atatsinidwa khutu kuti ophunzira ake akukoperana, anakonza pulogalamu ya pakompyuta yofufuza mawu asanu ndi limodzi kapena kuposa apo otsatana mofanana m'zolemba ziwiri. Ophunzira 158 anatengeredwa ku komiti yoweruza. Panthawiyo chilango chinali chimodzi chokha, kuchotsedwa sukulu. Pofika Novembala 2002, ophunzira 45 anali atachoka, ndipo atatu amene anali atamaliza kale maphunziro analandidwa madigiri. Yunivesite inalengeza ziwerengerozi, osati mndandanda wa mayina. Tiyeni tiwerenge bwino: oposa 100 mwa ofufuzidwawo sanachotsedwe. Kompyuta imaona kufanana kwa mawu, koma siidziwa amene anaba ndi amene anaberedwa. Mayina onse 158 akanapachikidwa pabolodi tsiku loyamba, osalakwa akanasenza manyazi omwewo.

Posakhalitsa makina ofufuzirawo anabala vuto lawolawo. Kampani ya Turnitin imasunga zolemba zimene ophunzira atumiza kuti izifanizira ndi za ena obwera m'mbuyo. Mu 2003 wophunzira wina wa pa McGill University ku Canada anakana kutumiza ntchito yake kumeneko, ponena kuti akumuyesa wakuba asanalakwe. Anapatsidwa ziro, koma atadandaula, yunivesite inalola kuti ntchito yake ichongedwe osadutsa m'makinawo. Ku America ana a sekondale anasumira kampaniyi, koma mu 2009 khoti la apilo linati kusunga zolembazo pofuna kugwira okopera sikuphwanya lamulo la umwini wa zolemba. Choncho dzina linatetezedwa ku nyuzipepala, koma thukuta la wophunzira linakakhala m'nkhokwe ya kampani.

Nayo Harvard inatiphunzitsa kuti kusunga chinsinsi kungathe kupitirira malire. Mu 2012 ophunzira pafupifupi 125 anafufuzidwa chifukwa cha mayankho ofanana pa mayeso olembera kunyumba. Kalata ina ya mkati yokhudza nkhaniyi itafika kwa atolankhani, akuluakulu anafufuza mobisa maimelo a antchito 16 oyang'anira ophunzira kuti apeze amene anaitulutsa. Zimenezi zinaululika mu Malichi 2013 ndipo aphunzitsi anakwiya kwambiri. Poteteza chinsinsi cha ophunzira, akuluakuluwo anaswa cha antchito awo.

Akuluakulu anati mlandu suola. Komabe kale failo ya pepala inkadyedwa ndi chiswe, mlembi ankapuma ntchito, ndipo mnyamata amene analakwa ali ndi zaka 19 ankatha kuyambiranso moyo. Lero zolembedwa pakompyuta zimakopedwa ndi kutumizidwa m'kanthawi kochepa, ndipo dzina likangofika pa intaneti limatsata mwini wake kulikonse kumene akafunsire ntchito. Chilango cha chaka chimodzi chimasanduka cha moyo wonse, popanda komiti iliyonse imene inagamula choncho.

Kwathu kuno ndime 21 ya malamulo aakulu a dziko imateteza chinsinsi cha munthu, ndipo kuyambira 2024 tili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, limene MACRA imayang'anira. Nazo sukulu zathu zaukachenjede zimaweruza milandu yotere. Zilengeze kuchuluka kwa milandu ndi zilango zake kuti ena atengerepo phunziro. Koma failo ya wophunzira ikhale ndi woisunga wodziwika, buku losainamo aliyense woitsegula, ndi tsiku limene idzatsekedwe.