Chamba: kuchoka kunkhalango kufika ku Nyumba ya Malamulo

Mu 2015 phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, a Boniface Kadzamira, anaimirira m'Nyumba ya Malamulo kupempha kuti boma lilole ulimi wa chamba cha m'mafakitale. Aphungu anzawo anangophulika nako kuseka. A Kadzamira sanali oyamba. M'chaka cha 2000 a Joe Manduwa, omwe anali wachiwiri kwa nduna ya zaulimi, ananenapo zomwezo koma nkhaniyo inathera m'malere.

Chomwe ankasekacho n'chakale kuposa Nyumbayo. Kwawo kwa chamba ndi ku Asia. Chinafika kugombe la kum'mawa kwa Africa ndi amalonda a panyanja zaka mazanamazana zapitazo, n'kumalowa kumtunda pang'onopang'ono. Pomwe David Livingstone ankayenda m'mbali mwa Zambezi m'zaka za m'ma 1850, anapeza anthu akusuta kale, popanda wowathamangitsa.

Chiletso chinachokera kunja. South Africa inaletsa chamba mu 1922, ndipo mu 1925, pamsonkhano wa ku Geneva, mbewuyi inalowa m'gulu la mankhwala oyang'aniridwa ndi mayiko, Egypt itakakamira kwambiri. Kuno atsamunda anatisiyira lamulo la Dangerous Drugs Act la mu 1956, lomwe apolisi akumangira anthu mpaka lero. Pangano la United Nations la mu 1961 linangokhomerera msomali.

Koma lamulo silinazule mbewu m'nthaka. Linangoithamangitsira kunkhalango za Nkhotakota ndi kumapiri a Mzimba, komwe galimoto ya polisi siifika msanga. Kumeneko alimi anakulitsa luso lawolawo: kukulunga chamba zolimba m'makungwa a nthochi, ngati chitsononkho cha chimanga, n'kuchisunga mpaka chitapsa bwino. Ndicho chinatchuka kunja ndi dzina loti Malawi Gold, n'kumadutsa zipata za apolisi m'matumba a makala ndi a chimanga ulendo wa ku Zimbabwe ndi ku Joni. Mlimi ankalandira zochepa. Phindu lenileni linkatsalira ozembetsa, pomwe ndende zinkadzaza ndi anyamata opezeka ndi kanundu m'thumba.

Amene ankakana kuti chamba chiloledwe sankangokana. Madotolo a ku chipatala cha anthu odwala misala ku Zomba akhala akudandaula za achinyamata obwera mutu utasokonekera ndi chamba, ndipo mipingo inali nawo mantha omwewo. Chinasintha maganizo a boma si chifundo pa wosuta kapena kulira kwa ma Rasta, omwe akhala akupempha ufulu wa chipembedzo chawo. Ndi fodya. Mbewu yomwe yakhala ikubweretsa ndalama zakunja zambiri inayamba kuchepa msika chifukwa cha kampeni yolimbana ndi kusuta. Kampani ya Invegrow inaloledwa kuyesa mbewu za chamba ku Chitedze, Lesotho inatsegula khomo mu 2017, Zimbabwe mu 2018, ndipo mu February 2020 aphungu athu anavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act, lomwe anabweretsa ndi a Kondwani Nankhumwa ali nduna ya zaulimi. A Kadzamira aja, osekedwa aja, anadzakhala wapampando wa bungwe loyang'anira mbewuyi la Cannabis Regulatory Authority.

Apa ndi pomwe nkhani inapotoka. Lamulo linalola chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, osati chosuta. Cha m'mafakitale chisapyole 1 peresenti ya THC, chinthu chomwe chimaledzeretsa, pomwe cha makolo chimapyola pamenepo kutalitali. Chiphaso cholimira cha mankhwala anachiika pa madola 10,000 a ku America, cha m'mafakitale madola 2,000, ndipo mbewu inkachokera kunja. Mlimi wa ku Nkhotakota, yemwe anapangitsa dzina la Malawi kudziwika pa msikawu, angazitenge kuti ndalama zotere? Iye anatsalabe chigawenga. Mu 2021 boma linafika poitana katswiri wankhonya Mike Tyson kuti akhale kazembe wa chamba chathu, pomwe eni luso akubisalabe m'tchire. Makopaletivi ambiri amene anasonkha ndalama n'kulima anasowa kogulitsa.

Chaka cha 2022 chinaonetsa poyera kukondera kwa lamulo. Mnyamata wina wa ku Blantyre anagamulidwa zaka 8 atapezeka ndi chamba, pomwe bwana wina wa kampani yaikulu, wopezeka akulima pakhomo pake, anangolipira chindapusa. Anthu anachita zionetsero, ndipo bwalo lalikulu linadzachepetsa chilango cha mnyamatayo.

Mu March 2024 aphungu anavomereza bilu ya a Peter Dimba, phungu wa kummwera kwa Lilongwe, yolola kulima chamba cha makolo motsata chiphaso. Kusuta sikunaloledwe. Panali patapita zaka 24 chilankhulire a Manduwa, ndipo aka kanali koyamba kuti Nyumbayo ivomereze mbewu yomwe alimi a kuno amaidziwa kale kalimidwe kake.