Mbiri ya Ulendo wa Kunyanja Kuchokera ku Balaka ndi Machinga

Chilimwe chikafika pachimake m'mwezi wa Okutobala, mitengo ya m'chigwa cha Shire itayoyola masamba, anthu a ku Balaka ndi Machinga amayamba kukamba za ulendo wa kunyanja. Amayi a mvano, makwaya ndi ana a sukulu amasonkha ndalama nabwereka basi kapena lole, makamaka pa Tsiku la Anakubala. Amalawira m'bandakucha, nadzera pa Ulongwe, naona nyanja ya Malombe ili mbee kudzanja lamanja, napumula pa Mangochi. Dzuwa likamaswa mtengo amakhala ali pa Monkey Bay, ena akusambira, ena ali chilili pa doko kuyang'ana sitima. Madzulo amabwerera ndi timitolo ta usipa wouma. Achinyamata amayesa kuti mwambo umenewu ngwakalekale, koma ayi ndithu. Njirayo ndiyo yakale. Kuyendamo pofuna kukasangalala nkwadzulodzuloli.

M'zaka za m'ma 1800 njira imeneyi inali ya minyanga ya njovu ndi akapolo. Mafumu a Chiyao monga Mponda, Makanjira, Kawinga ndi Liwonde anali ndi mphamvu m'dera lonseli. Pafupi ndi mudzi wa Mponda, pomwe Shire atulukira m'nyanja, panali doko lowolotsera anthu ogwidwa, amene ankapita nawo ku Kilwa ndi kumadoko ena a nyanja ya mchere. Kwa munthu wamba wa masiku amenewo, kutengedwa ulendo wa kunyanja nthawi zambiri kunali kutsanzikana ndi kwawo mpaka kalekale.

David Livingstone anatsata Shire mpaka kufika pa nyanja ya Malawi mu Seputembala 1859. M'chaka cha 1875 amishoni a ku Scotland, motsogozedwa ndi E. D. Young pamodzi ndi Dr Robert Laws, anabwera ndi sitima yaing'ono yotchedwa Ilala. Pa mathithi a Shire anaiphwasula, ndipo amuna mazanamazana a dziko lino anasenza zitsulo zake pamutu mpaka kumtunda, komwe anailumikizanso. Inalowa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875. Mabuku amatchula maina a Azungu amene anali m'sitimamo, koma a osenza katundu aja sanalembedwe. Amishoniwo anamanga ku Cape Maclear, malo amene eni ake amawatcha Chembe, koma malungo atapha ena mwa iwo anasamukira ku Bandawe m'chaka cha 1881. Manda awo akadalipo pafupi ndi mchenga umene alendo amasewerapo.

Boma la atsamunda linamanga linga la Fort Johnston m'chaka cha 1891 pofuna kutseka njira ya akapolo ija. Malo amenewa, omwe lero timati Mangochi, anasanduka doko lalikulu la kumwera kwa nyanja. Sitima zinkanyamula katundu pa Matope, nkudzera pa Liwonde ndi Malombe mpaka kukafika m'nyanja, kotero kuti anthu a ku Machinga ankaziona zikufuka utsi pakhomo pawo penipeni. Zotsala za nyengo imeneyo zili pafupi ndi mlatho wa pa Mangochi. Pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, yomangidwa m'chaka cha 1903. Palinso mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangobuka, inakaombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann kutsidya kwa nyanja. Basi zambiri za ana a sukulu zimangodutsa pamenepa liwiro lili m'mwamba, ndipo ine ndimaona kuti mphunzitsi wochita zotere wawamana ana theka la ulendo.

Chimene chinagwetsa doko la Fort Johnston si nkhondo ayi, koma madzi. Kuyambira cha m'ma 1915 nyanja inaphwera kwambiri mwakuti mchenga ndi mabango zinatseka pomwe Shire atulukira. Kwa zaka pafupifupi 20 mtsinjewo unaleka kutulutsa madzi a m'nyanja, ndipo mbali yaikulu ya Malombe inasanduka minda. Paja akulu amati madzi saiwala khwawa: cha m'ma 1935 nyanja inakweranso, Shire nayambanso kuyenda. Koma pomwe madziwo amabwerera, anapeza malo awo atatengedwa ndi njanji.

M'chaka chomwecho cha 1935 njanji yochokera ku Blantyre kudzera pa Balaka inafika ku Salima, nikhudza nyanja pa Chipoka. Balaka anakula chifukwa cha siteshoni imeneyi. Kwa munthu wa ku Balaka khomo la nyanja linakhala Chipoka, pomwe ankatsika sitima ya pamtunda nkukwera ya pamadzi. Komabe okwerawo sanali opita kukasangalala. Ambiri anali amuna a kumpoto obwerera kwawo kuchokera ku migodi ndi m'mafamu a ku Rhodesia ndi ku Joni, ena amalonda, ena ana opita ku sukulu za mishoni. Ulendowo unalinso ndi zoopsa zake. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya inamira ndi namondwe kumpoto kwa nyanja, ndipo anthu 145 anafa. Chikumbutso cha ngoziyo chili pa Mangochi pomwepo, pambali pa nsanja ya wotchi ija.

M'malo mwa Vipya munabwera Ilala yachiwiri. Inapangidwa ku Scotland m'chaka cha 1949, nibwera m'zidutswa kudzera ku Beira ndi pa njanji mpaka ku Chipoka. Anailumikiza pa Monkey Bay, ndipo inayamba ntchito m'chaka cha 1951. Monkey Bay, amene dzina lake lenileni ndi Lusumbwe, ndi malo ozingidwa ndi mapiri omwe amatchinga mwera, choncho anayenera kukhala kwawo kwa sitima ndi malo ozikonzera. Ilala yatumikira zaka zoposa 70, ndipo ana ambiri a ku Ntaja, Nsanama ndi Phalula sitima yoyamba kuiona ndi maso awo inali imeneyi.

Nanga zopita kunyanja kukangocheza zinayamba liti? Anayamba ndi Azungu. M'zaka za 1949 ndi 1950 ndege za kampani ya BOAC zotera pamadzi zinkaima ku Cape Maclear pa ulendo wa pakati pa England ndi Johannesburg, ndipo panali hotela yolandira alendowo. Mwana wa dziko lino ankafika pamalo otere ngati wophika, wochapa kapena wopalasa bwato. Zinthu zinasintha dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964. Pa Liwonde anamangapo Kamuzu Barrage m'chaka cha 1965, imene imasunga madzi a Shire komanso kuwolotsa galimoto. Misewu ya phula inatsatira, nyumba yosungiramo zakale za nyanja inatsegulidwa pa Mangochi m'chaka cha 1971, ndipo m'chaka cha 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park, imene bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 1984 chifukwa cha nsomba zake, makamaka mbuna. Apa mpamene ulendo wopita ndi kubwerera tsiku lomwelo unatheka kwa mlimi wa thonje wa ku Balaka.

Koma pamene mwayi unafika, mchenga unayamba kuchepa. Pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay gombe lalikulu latchingidwa ndi mipanda ya mahotela ndi nyumba za anthu olemera, mwakuti gulu la amayi lochokera ku Ulongwe limayamba lalipira pachipata lisanaviike phazi m'madzi, ndipo asodzi a m'midzi ina amasowa poyanika makoka. Chambo cha ku Malombe, chimene apaulendo ankagula m'mbali mwa msewu, chinachepa kwambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1990. M'chaka cha 2024 nyanja inakweranso modabwitsa, nimiza mchenga pamodzi ndi mipanda ndi zipinda zina za alendo m'gombe lomwelo la Mangochi.