KHASU, UKONDE NDI MAGAZI ATHU

Omvera athu m'maboma onse, lero tiyang'ane ku Malindi m'boma la Mangochi. Mbiri ya dera limeneli ikutisonyeza kuti ntchito za manja a munthu zimasintha magazi ake, chakudya chake ndiponso nyanja imene imam'dyetsa.

Tiyambe ndi khasu. Ku Nkope, kutsidya kwa nyanja mukaima pa Malindi, Keith Robinson anafukula mapale ndi zitsulo za alimi amene ankakhala kumeneko zaka zoposa 1,500 zapitazo. Alimi akagwetsa nkhalango ndi kumanga midzi, madzi amadikha m'zithaphwi, udzudzu umaswana, malungo nafalikira. Mu 1954 Anthony Allison anasonyeza kuti mwana wolandira chibadwa cha sickle cell kwa kholo limodzi amatetezeka ku malungo oopsa. Koma wolandira kwa makolo onse aŵiri amadwala nthenda yosoŵa magazi. Motero chibadwachi chinachuluka m'maiko a malungo, ndipo chilipo pakati pathu.

M'mbale namonso munasintha. Makolo athu ankadya nsima ya mapira ndi maŵere. Chimanga ndi chinangwa n'zochokera ku America. Zinafika mu Africa ndi zombo za Apwitikizi pambuyo pa 1500. Lero munthu akapanda kudya nsima ya chimanga amati wagona ndi njala.

Kenaka kusintha kunafika panyanja. Boma la Fort Johnston linakhazikitsidwa mu 1891, ndipo amishoni a UMCA anamanga ku Malindi. Sitima zawo, monga Chauncy Maples ya mu 1901, zinkayendera nkhuni zodulidwa m'mbali mwa nyanja. M'ma 1930 banja la Chigiriki la Yiannakis linayamba usodzi wamalonda, ndipo pambuyo pake maukonde a nayiloni anafalikira m'madoko. Cha m'ma 1990 chambo chinali chitasoŵa m'nyanja ya Malombe. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika chambo m'gulu la nsomba zimene zili pafupi kutheratu. Ku Chembe, akatswiri anaona kuti nsomba zodya nkhono zitachepa, nkhono zinaswana, likodzo nalo linawonjezeka.

Taonani, omvera: magazi anasintha m'zaka mazana ambiri, chakudya m'mibadwo ingapo, koma nyanja m'mbadwo umodzi wokha. Chibadwa sitingachibweze, koma kukula kwa maso a ukonde timasankha tokha. Msodzi wa ku Malindi amene aleka kuponya khoka pamene chambo chikuswana akusungira adzukulu ake ndiwo ndi moyo womwe.