Buku Limodzi pa Chaka

Lolemba loyamba la nyengo ya Lenti, m'zaka za m'ma 1070, amonke a ku Canterbury, m'dziko la England, ankasonkhana m'chipinda chawo cha misonkhano. Asanalowe, wosunga mabuku anali atayala kale chinsalu chachikulu pansi, naikapo mabuku a m'nyumbamo. Aliyense wa amonkewo ankalowa atanyamula buku limene analandira chaka chapitacho. Tsono wosunga mabuku uja ankawerenga maina mmodzimmodzi, ndipo munthu akamva dzina lake ankabweza buku lake. Koma amene ankadziwa mumtima mwake kuti sanalitsirize, ankadzigwetsa pansi chafufumimba pamaso pa abale ake napempha chikhululukiro. Atatero, aliyense ankalandira buku lina, dzina lake nililembedwa pa mndandanda watsopano.

Mwambo umenewu tikuudziwa chifukwa unalembedwa m'malamulo amene Lanfranc, Arkiepiskopi wa ku Canterbury kuyambira mu 1070 mpaka 1089, anakonzera amonke ake. Sanaupeke yekha ayi. Gwero lake lili m'malamulo amene Benedict Woyera analemba ku Monte Cassino, ku Italy, zaka zoposa 500 Lanfranc asanafike ku Canterbury. M'mutu 48 wa malamulowo, Benedict analamula kuti poyamba pa Lenti mmonke aliyense apatsidwe buku, ndipo aliwerenge lonse mwadongosolo, kuchokera poyambira mpaka pothera. Anapatulanso maola a m'mawa kuti akhale owerengera, naika mkulu mmodzi kapena awiri oti aziyendera nyumba yonse kuona ngati palibe wina amene wasiya buku nkumangocheza.

Mwina owerenga ena angadabwe kuti munthu wophunzira ankatha bwanji chaka chathunthu ndi buku limodzi. Tiyenera kukumbukira kuti masiku amenewo buku linali chuma chosowa. Linkalembedwa pamanja, pa zikopa za nyama zopalidwa bwino. Baibulo lotchuka lotchedwa Codex Amiatinus, limene amonke a ku Wearmouth ndi Jarrow analemba cha m'ma 700, lili ndi mapepala oposa 1,000, limalemera makilogalamu oposa 30, ndipo linadya zikopa za ana a ng'ombe pafupifupi 500. Lero likusungidwa mumzinda wa Florence. Kawerengedwe kawonso kanali kosiyana ndi kathu. Mmonke ankatchula mawu chapansipansi, nabwereza chiganizo chimodzi kangapo mpaka chitakhazikika mumtima. Iwo eni ankafanizira ntchitoyi ndi ng'ombe imene yagona pamthunzi ikubzikula.

Zinthu zinasintha pamene Johannes Gutenberg anasindikiza Baibulo ndi makina ku Mainz cha m'ma 1455. Pofika chaka cha 1500, mabuku osindikizidwa ku Ulaya anali atakwana mamiliyoni. Limeneli linali dalitso lalikulu, pakuti nzeru zimene kale zinkatsekeredwa m'nyumba za amonke ndi za mafumu zinayamba kufika kwa anthu wamba. Koma dalitsoli linabwera ndi matenda ake. Mu 1494, ku Basel, Sebastian Brant anatulutsa buku lonyodola zopusa za anthu, lotchedwa Das Narrenschiff, ndiye kuti ngalawa ya zitsiru. Chitsiru choyamba m'ngalawamo si chidakwa kapena mbala, koma munthu amene waunjika mabuku ambirimbiri osawawerenga. Pa chithunzi chake wavala magalasi, wakhala pakati pa mabuku ake, ndipo ntchito yake nkupirikitsa ntchentche kuti zisaterepo. Mmonke wa ku Canterbury ankachita manyazi ndi buku limodzi losatsiriza, pamene munthu uyu ankanyadira mulu wonse umene sanautsegule.

Komabe mabuku ongokhala m'nyumba sakhala atafa. Amadikira. Pa 20 May 1521, msilikali wina wa ku Spain, Ignatius wa ku Loyola, anathyoledwa mwendo ndi chipolopolo cha mzinga pa nkhondo ya ku Pamplona. Anamunyamula kupita naye kwawo, kumene anagona miyezi yambiri. Pofuna kutayitsa nthawi, anapempha mabuku a nthano za ankhondo ndi zachikondi amene ankawakonda. M'nyumbamo munalibe. Anamupatsa amene analipo: lina la moyo wa Khristu, lina la mbiri za anthu oyera. Anayamba kuwerenga chifukwa chosowa chochita, koma pang'onopang'ono anaona kuti maganizo ochokera m'mabukuwa ankamusiyira chimwemwe chokhalitsa, pamene maloto ake a ulemerero ankamusiya wouma mumtima. Anatenga kope nayamba kukoperamo ndime zimene zinamugwira mtima, mawu a Khristu ndi inki yofiira, a Maria ndi inki yobiriwira ngati thambo, mpaka mapepala pafupifupi 300. Munthu ameneyu ndiye anadzayambitsa chipani cha Ajezuiti, chimene Papa anachivomereza mu 1540. Mabuku awiri amene iye sakanawasankha ndiwo anatembenuza moyo wake.

Nanga ife tili mbali iti? M'nyumba zambiri muli mabuku amene tinagula ndi ndalama zovuta kupeza, ena tinalandira ngati mphatso pa ukwati kapena potsiriza sukulu. Ali m'sutikesi pansi pa bedi, kapena pa alumali kumene chiswe ndi mphemvu zikuwadziwa bwino kuposa eni ake. Timayamba ili, tisanafike pakati taona lina, kenaka lamya ya m'manja yalira ndipo zonse zaiwalika. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Choopsa nchakuti ana athu akuona. Mwana amene sanaonepo bambo kapena mayi ake atakhala phee ndi buku m'manja adzakula akuganiza kuti kuwerenga ndi chilango cha kusukulu chimene chimatha tsiku lolemba mayeso otsiriza.

Nzeru ya amonke aja inali yapafupi, ndipo banja lililonse lingathe kuitsata. Iwo sankayang'ana mulu wonse, ankatenga buku limodzi. Ankalipatsa nthawi yake yodziwika tsiku ndi tsiku. Ndipo ankadziwa kuti pali tsiku limene abale adzawafunsa ngati alitsiriza. Yalani mkeka madzulo ena, tulutsani mabuku onse a m'nyumba, akunthenitu fumbi, ndipo aliyense, kuyambira agogo mpaka mwana wa sitandade 4, asankhe lake. Lembani maina pa pepala, mupangane tsiku lodzakhalanso pamkeka pomwepo kuti aliyense adzafotokoze zimene wapezamo. Amene adzakhale asanatsirize sadzafunika kugwa chafufumimba monga ku Canterbury. Adzangopempha masabata ena awiri, napitiriza pamene analekera.