Mmene Ma DJ a ku Bronx Anayambitsira Hip Hop

Chamba cha hip hop, chimene anthu ambiri lero amachidziwira kwa oimba a rap, aja amalakatula mawu motsatira kugunda kwa ng'oma, chinayambira m'manja mwa ma DJ, anyamata amene ntchito yawo inali yoika mbale za galamafoni pamalo ovinira. Chinabadwira ku Bronx, dera la kumpoto kwa mzinda wa New York, pa nthawi imene derali linali litasakazika, pakuti msewu waukulu wa Cross Bronx Expressway unali utang'amba pakati madera okhala anthu, mabanja opezako bwino anali atasamuka, ndipo eni nyumba ena ankatentha dala nyumba zawo kuti alandire ndalama za inshuwalansi. Achinyamata otsalawo, amene ambiri anali akuda a ku America, a ku Puerto Rico ndi a kuzilumba zina za Caribbean, analibe ndalama zogulira zida zoimbira, koma mbale zinalipo m'nyumba za makolo awo.

Tsiku limene olemba mbiri amawerengera chiyambi cha chambachi ndi 11 Ogasiti 1973, pamene Cindy Campbell anakonza dansi m'chipinda chochezera cha nyumba yosanja ya 1520 Sedgwick Avenue pofuna kupeza ndalama zogulira zovala za kusukulu, ndipo atsikana ankalipira masenti 25 pakhomo pamene anyamata ankalipira 50. Woika nyimbo anali mchimwene wake, Clive Campbell, wodziwika ndi dzina loti DJ Kool Herc, amene anabadwira ku Kingston m'dziko la Jamaica mu 1955, kumene anakula akumva masipika akuluakulu a m'madansi a panja ndi anthu olankhulira pamwamba pa nyimbo. Herc anazindikira kuti ovina ankadikirira kachigawo kamodzi ka nyimbo, kamene woimba ndi zida zina amakhala chete n'kutsala ng'oma zokha, kachigawo kotchedwa break, ndipo popeza kamatha m'masekondi ochepa, iye anayamba kugula makope awiri a mbale imodzi, kotero kuti break ikatha pa galamafoni ya kumanzere ankaiyambitsanso pa ya kumanja. Njirayi anaitcha merry-go-round, ndipo inkamveka bwino kwambiri pa nyimbo za James Brown ndi pa "Apache" ya gulu la Incredible Bongo Band. Apa DJ ankatsata wovina monga mmene woimba ng'oma ya mbalule amayang'anira mapazi a amene ali m'bwalo, ndipo ovina ake ndi amene anatchedwa ma b-boy ndi ma b-girl.

Komabe Herc ankatsitsa singano mongoyerekeza ndi maso, moti nthawi zambiri kugunda kwa mbale yachiwiri sikunkagwera pamene kwa yoyamba kwathera, ndipo ovina ankasokonezeka mapazi. Amene anathetsa vutoli ndi Joseph Saddler, kapena kuti Grandmaster Flash, wobadwira ku Barbados mu 1958, yemwe anaphunzira za magetsi pa sukulu ya ntchito zamanja ya Samuel Gompers, ndipo ntchito yake ndi yofunika kuiona mwapafupi chifukwa ndi imene inasandutsa makina ongomverera nyimbo kukhala chida choimbira. Choyamba, iye analumikiza kaswitchi pa mikisa, bokosi limene limasakaniza mawu ochokera m'magalamafoni awiri, kuti azimva m'mahedifoni mbale imene anthu sakuimva. Kenako anaswa lamulo limene aliyense wosunga mbale ankalidziwa, loti pamwamba pa mbale sagwirapo, n'kuyamba kuibweza m'mbuyo ndi nsonga za zala singano ili m'malo mwake. Kuti adziwe pamene break yayambira, ankalemba mzere pa mbale ndi choko cha kandulo, n'kumaiwerenga ngati nkhope ya wotchi, ndiponso kuwerenga maulendo amene waizungulitsa chobwerera. Pansi pa mbale anachotsapo mphira umene unkaigwira n'kuyalapo kansalu kokhuthala ndi pepala loterera, kuti mbale iziima kapena kubwerera pamene chitsulo cha pansi chikuzungulirabe. Ndi zinthu zazing'onozi, masekondi ochepa a ng'oma ankatha kubwerezedwa kwa mphindi zambiri osaphonya kugunda ngakhale kumodzi, ndipo ma MC, kapena kuti ogwira maikolofoni, amene poyamba ankangolonjera anzawo ndi kutenthetsa dansi monga ankachitira Coke La Rock pambali pa Herc, anapeza maziko okhazikika olakatulirapo mizere yaitali. Mbiri imene imatchula oimba a rap okha imaiwala kuti popanda maziko amenewa ndakatulo zawozo zikanasowa pokhazikika.

Theodore Livingston, amene anadzatchedwa Grand Wizzard Theodore, anali akadali mnyamata wamng'ono cha m'ma 1975 pamene anatulukira scratch, kumene ndi kukankha mbale kutsogolo ndi kumbuyo singano ili pamwamba, kuti phokoso lokhala ngati kukanda limveke motsatira kugunda kwa mbale inayo. Malinga ndi mmene iye mwini amafotokozera, anagwira mbale ndi dzanja pamene mayi ake ankamudzudzula chifukwa cha phokoso, ndipo anakopeka ndi zimene anamva m'mahedifoni. Luso lotere linkafuna makina olimba, n'chifukwa chake ma DJ anakonda galamafoni ya Technics SL-1200 ya ku Japan, imene inatuluka mu 1972, chifukwa mota yake imazungulitsa chitsulo mwachindunji popanda lamba, ndipo ikasiyidwa imabwerera msanga pa liwiro lake.

Ku nyumba za Bronx River, Afrika Bambaataa, amene kale anali m'gulu la zigawenga za mumsewu la Black Spades asanakhazikitse bungwe la Zulu Nation, anatchuka ndi kufunafuna break m'mbale zimene ena sakanaziganizira, kuphatikizapo za gulu la ku Germany la Kraftwerk. Mpikisano unali waukulu moti ma DJ ankanyika mbale m'madzi kuti achotse mapepala a mayina, n'cholinga choti anzawo asadziwe nyimbo imene yavinitsa anthu.

Pamene makampani ojambula nyimbo analowererapo, DJ ndiye anayamba kukankhidwira kumbuyo. Nyimbo ya "Rapper's Delight", imene kampani ya Sugar Hill Records ya Sylvia Robinson inatulutsa mu 1979, inalibe DJ, chifukwa oimba zida a mu situdiyo ndi amene anabwereza chigawo cha "Good Times" ya gulu la Chic. Luso la manja linamveka mokwanira pa mbale mu 1981, pamene Flash anajambula "The Adventures of Grandmaster Flash on the Wheels of Steel" pogwiritsa ntchito magalamafoni atatu, ndipo linafika kwa anthu ochuluka mu 1983 kudzera mwa Grand Mixer D.ST pa "Rockit" ya Herbie Hancock. Ndalama ndi kutchuka zinatsata wogwira maikolofoni, ndipo Herc, amene sanatulutsepo nyimbo yogulidwa kwambiri m'dzina lake, analowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame mu 2023, patatha zaka 50 chichitikireni dansi ya pa Sedgwick Avenue.